Ma SMS a ku Lilongwe akuchedwa ndi ola chifukwa cha wotchi ya ku London

Achimwene, mwafunsa zinthu ziwiri mu positi imodzi. Choyamba, ma SMS okumbutsa makasitomala a ku Lilongwe, amene pulogalamu yanu imatumiza 8 koloko m'mawa, ayamba kufika 9 koloko kuyambira kumapeto kwa Okutobala pomwe khodi simunaikhudze. Chachiwiri, mdima wa ku London ukukufooketsani m'chaka chanu choyambachi. Tiyambe ndi ma SMS poti ndi amene abwana akukufunsani.

Lamulungu pa 26 Okutobala 2025, itakwana 2 koloko usiku, dziko la Britain linabweza mawotchi ku 1 koloko. Amatero Lamulungu lomaliza la Okutobala chaka chilichonse, ndipo Lamulungu lomaliza la Malichi amawapititsa kutsogolo, 1 koloko n'kukhala 2 koloko. Kumudzi sitichita zimenezi. Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa amakhala pa UTC+2 chaka chonse, kutanthauza maola awiri patsogolo pa UTC, nthawi yoyezera dziko lonse imene sisintha. Choncho kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala London amatsalira ndi ola limodzi poyerekeza ndi Lilongwe, miyezi inayo amatsalira ndi maola awiri.

Lowani mu seva mulembe timedatectl. Pamzere wa Time zone mukapeza Europe/London, wakuba mwamugwira. Mzere wanu wa mu crontab, ndandanda ya ntchito zimene pulogalamu ya cron imayendetsa pa nthawi yoikika, uyenera kuti ndi 0 7 * * *, ndipo amene anaulemba anaulemba m'nyengo yotentha, pamene 7 koloko ya London inali 8 koloko ya Lilongwe. Cron akugwirabe ntchito yake 7 koloko monga anauzidwa, kungoti 7 koloko yomweyo pano ndi 9 koloko kumudzi.

Musathamangire kusintha 7 kukhala 6 n'kusiyira pomwepo. Zikhala bwino miyezi isanu, kenako pa 29 Malichi 2026 makasitomala adzayamba kudzutsidwa 7 koloko. Njira yokhalitsa ndi kuika seva pa UTC ndi timedatectl set-timezone UTC, mzere uja n'kukhala 0 6 * * *. Popeza Malawi sasintha wotchi, 06:00 UTC ndi 8 koloko ya Lilongwe tsiku lililonse la chaka. Koma pali misampha itatu. Cron amawerenga time zone poyamba kudzuka, ndiye muyenera kumuyambitsanso, apo ayi apitiriza ndi nthawi yakale. Mizere ina yonse ya mu crontab imasunthanso, ndiye iwerengeni umodzi umodzi musanasinthe, makamaka wa backup ndi wa malipiro. Ndipo ngati mukugwiritsa ntchito MySQL yokhala ndi time_zone ya SYSTEM, nayonso imatenga nthawi ya seva poyaka. Zimene zili m'ma column a TIMESTAMP zizimasulira zokha, koma za mu DATETIME zikhala mmene zinalembedwera, pa nthawi ya London, pomwe zatsopano zizilowa pa UTC. Tebulo limodzi, mawotchi awiri, ndipo palibe chizindikiro chosiyanitsa. Lembani penapake tsiku ndi mphindi imene mwasinthira kuti mudzathe kukonza zakalezo.

Ngati seva simungaisinthe chifukwa ili ndi ntchito zina za ku Britain, uzani ntchito iyi yokha time zone yake. Pa systemd timer mumalemba OnCalendar=*-*-* 08:00:00 Africa/Blantyre, ndipo systemd-analyze calendar ikuonetsani nthawi imene idzayakenso musanaikhulupirire. Pa Kubernetes, CronJob ili ndi timeZone, yokhazikika kuyambira 1.27. CRON_TZ imagwira pa cronie wa Red Hat ndi Fedora, koma cron wamba wa Debian ndi Ubuntu saidziwa, amangoilandira mwakachetechete osachitapo kanthu, ndipo ambiri apusitsidwa nazo. Musafunefune Africa/Lilongwe, kulibe. Dzina la Malawi mu tz database, mndandanda wa ma time zone umene makompyuta amagwiritsa ntchito, ndi Africa/Blantyre. Musalembenso CAT (nthawi ya ku Malawi) kapena BST (nthawi ya ku Britain m'nyengo yotentha) m'khodi, zidule izi zimasokoneza, BST yomweyo imatanthauzanso nthawi ya ku Bangladesh.

Ma SMS aja ndi vuto looneka, poti kasitomala amadandaula. Loopsa ndi limene silidandaulitsa munthu, ndipo nthawi zambiri limakhala m'malipoti. Tsiku la ku Malawi limatha 22:00 UTC. Munthu amene walipira 00:30 usiku wa pa 1 Novembala ku Lilongwe, mu database ya UTC aoneka kuti walipira 22:30 pa 31 Okutobala. Lipoti likamasonkhanitsa potengera tsiku la UTC, ndalama yakeyo ilowa m'mwezi wa Okutobala, a akaunti n'kumakangana ndi inu pa kusiyana kwa ziwerengero kumene palibe akukumvetsa. Pa PostgreSQL sungani nthawi mu timestamptz, ndipo posonkhanitsa muyambe mwaitembenuza ndi created_at AT TIME ZONE 'Africa/Blantyre' musanadule tsiku. Malire a tsiku akhale kuyambira 00:00 ya lero mpaka isanakwane 00:00 ya mawa. Mukalemba 23:59:59 mutaya zonse zolowa m'sekondi yomalizayo.

Kumbali ya London kuli zachilendo zake. Pa 25 Okutobala 2026 nthawi ya 01:30 idzachitika kawiri, ndipo tsikulo lidzakhala la maola 25. Pa 29 Malichi 2026 nthawi ya 01:30 sidzakhalako n'komwe, tsikulo ndi la maola 23. Khodi iliyonse imene imapeza mawa powonjezera masekondi 86400 imalakwa pa masiku awiriwa. Ntchito iliyonse yoikidwa pakati pa 1 ndi 2 koloko usiku pa nthawi ya London ingadumphidwe kapena kuchitika kawiri malinga ndi chimene chikuiyendetsa, ndiye ichotseni pa ola limenelo. Komanso pa SMS zimene mumalipira uliwonse, ikani unique key ya nambala ya kasitomala, mtundu wa uthenga ndi tsiku, kuti ntchito ikayaka kawiri uthenga upite kamodzi. Masiku awiriwa alowe m'ma test anu. Pa Python freezegun kapena time-machine zimaimitsa wotchi pamene mukufuna, pa Java mumapereka Clock yanu.

Simunanene chiyankhulo cha khodi yanu, ndiye ndingotchula mabowo odziwika. Pa Python gwiritsani ntchito zoneinfo imene inabwera ndi 3.9. Pewani utcnow, imapereka nthawi yopanda time zone ndipo kuyambira mu 3.12 amachenjeza kuti isamagwiritsidwenso ntchito. Ngati khodi yakale ili ndi pytz, onani paliponse pamene time zone yaperekedwa molunjika ku tzinfo popanda localize, chifukwa pamenepo pytz amatenga nthawi ya m'zaka za m'ma 1800, London n'kutsalira ndi mphindi imodzi. Mukaona -00:01 mu log, ndi zimenezo. Pa JavaScript, Date ikapatsidwa 2025-10-26 yokha imawerenga ngati UTC, koma ikapatsidwa 2025-10-26T00:00 imawerenga ngati nthawi ya kompyuta imene ikuyendapo. Pa Java khalani pa java.time, Instant posunga ndi ZonedDateTime poonetsa. Ndipo ma image a Docker a Alpine sabwera ndi tzdata, phukusi lokhala ndi tz database ija, ndiye mungalembe TZ molondola koma kontena n'kukhalabe pa UTC.

Lamulo loti sungani zonse mu UTC ndi labwino pa zinthu zimene zachitika kale. Pa zam'tsogolo siligwira lokha. Msonkhano wa 9 koloko ku London chaka chamawa usungidwe ngati 09:00 pamodzi ndi dzina Europe/London, chifukwa malamulo a nthawi amapangidwa ndi andale ndipo amasintha. Egypt inabwezeretsa kusintha mawotchi mu 2023. Mu Malichi chaka chomwecho boma la Lebanon linaimitsa kusinthako kutatsala masiku ochepa, dziko n'kukhala ndi nthawi ziwiri kwa masiku angapo, mafoni akunena china, maofesi china. Nyumba ya malamulo ya European Union inavota mu 2019 kuti mwambowu uthe, mpaka pano sunathe. N'chifukwa chake tz database, imene bungwe la IANA limasunga kuyambira 2011, imatuluka kangapo pachaka, ndipo tzdata ya mu seva iyenera kumalandira ma update ngati china chilichonse.

Za misonkhano ndingodutsapo. Msonkhano wobwerezabwereza pa kalendala umamangika ku time zone ya amene anaupanga. Mukaupanga inu ku London, anzanu a ku Lilongwe ndi amene amasunthidwa kawiri pachaka. Ngati timu ili ndi anthu a ku America, iwo amasintha Lamulungu lachiwiri la Malichi ndi loyamba la Novembala, ndiye pamakhala masabata awiri kapena atatu mu Malichi ndi sabata imodzi kumapeto kwa Okutobala pamene kusiyana kwa London ndi New York kumakhala maola 4 m'malo mwa 5.

Tsopano mdima uja. Dziko lapansili ndi lopendekeka ndi madigiri 23.4, ndipo likamazungulira dzuwa, theka la chaka mbali ya kumpoto imaweramira kudzuwa, theka linalo imalifulatira. Lilongwe ali madigiri pafupifupi 14 kumwera kwa ikweta, ndiye masana amangosewera pakati pa maola 11 ndi 13, moti munthu umakula osaganizako kuti kutalika kwa tsiku ndi nkhani. London ali madigiri 51.5 kumpoto. Pa 21 Disembala dzuwa limatuluka cha m'ma 8:04 n'kulowa cha m'ma 15:53, maola osakwana 8, pomwe mu Juni masana amaposa maola 16 ndi theka. Kusintha mawotchi kunayamba mu 1916, Germany kenako Britain, nthawi ya nkhondo, pofuna kupulumutsa malasha pogwiritsa ntchito kuwala kwa madzulo a nyengo yotentha. Kubweza kwa mu Okutobala sikuchotsa kuwala, kumangokusamutsira m'mawa, koma munthu wogwira ntchito mpaka 5 koloko amamva ngati wamulanda ola lonse tsiku limodzi. Kachinthu kolimbitsa mtima: dzuwa limasiya kufulumira kulowa cha pa 12 Disembala, tsiku lalifupi kwambiri lisanafike, ndiye madzulo amayamba kutalika Khirisimasi isanakwane, ngakhale m'mawa mumapitirira kuda mpaka kumapeto kwa mwezi.

Masana a mu Disembala dzuwa la ku London limakwera madigiri 15 okha. Tulukani 12 koloko muone mthunzi wanu, uposa msinkhu wanu katatu ndi kupitirira. Dzuwa likakhala pansi chonchi, cheza cha UVB chimene khungu limapangira vitamini D chimathera mumlengalenga chisanafike pansi. A NHS, a zaumoyo a boma la Britain, amati kuyambira Okutobala mpaka kumayambiriro kwa Malichi dzuwa la kumeneko silikwanira, ndipo amalangiza ma microgram 10 patsiku, omwe pabotolo amalembanso 400 IU. Kwa anthu a khungu lakuda amati aganizire zomwa chaka chonse, chifukwa melanin amachepetsa UVB wolowa pakhungu. Mapiritsi ake amapezeka ku Boots, Superdrug ndi m'masitolo akuluakulu popanda kalata ya dokotala. Musapitirire ma microgram 100 patsiku, vitamini ameneyu amasungika m'thupi ndipo akachuluka amakweza calcium m'magazi n'kuvulaza impso.

Koma kufooka kumene mukunena sikuti ndi vitamini yekha. Thupi lili ndi wotchi yake imene imakonzedwa ndi kuwala kolowa m'maso m'mawa. Mu ofesi kapena m'chipinda mumakhala ma lux (muyeso wa kuwala) 300 mpaka 500, pomwe panja ngakhale kuli mitambo amaposa 1000. Munthu wolemba khodi ali kunyumba angathe sabata yathunthu osaona kuwala kwenikweni, msonkhano wa stand-up ali pabedi ndi laputopu, kutuluka panja kutada kale. Ikani mphindi 20 kapena 30 zoyenda panja m'mawa kukangocha kapena pa nkhomaliro, ndipo muzitseke pa kalendala ngati msonkhano kuti munthu asaikepo zake. Desiki ikhale pawindo. Nyali ya SAD (matenda okhumudwa obwera ndi nyengo ya mdima) ya 10,000 lux imathandiza ena, mphindi 30 m'mawa, itaikidwa chapambali pa mtunda umene opanga alemba, osaiyang'anitsitsa. Madzulo ayi, ikusowetsani tulo. Ngati muli ndi vuto la maso kapena mukumwa mankhwala ochititsa khungu kumva dzuwa msanga, funsani kaye. Ndipo ngati papita masabata awiri mukungofuna kugona, chakudya sichikukoma kapena mukudya mopitirira, ntchito imene mumaikonda yayamba kukunyansani, musati ndi ulesi. Pitani kwa GP, dokotala wa m'dera lanu, kulembetsa ndi kwaulere, ndipo akhoza kuyezanso magazi kuti aone vitamini D, iron ndi chithokomiro, poti zonsezi zimafooketsa mofanana.

Maola awiri aja amakhudzanso foni yakumudzi. Mukaweruka 6 koloko, kufika kunyumba 7, ku Malawi ili 9 usiku ndipo amayi agona kale. Miyezi imeneyi imbani pa nkhomaliro, 1 koloko yanu ndi 3 koloko yawo, ndipo mukatero muli panja mukuyenda mwapezeratu kuwala kwa tsikulo. Pa foni onjezani wotchi yachiwiri. Mukasowa Lilongwe kapena Blantyre pamndandanda, sankhani Harare, Lusaka kapena Maputo, nthawi yake ndi imodzimodzi.