Funsani Katswiri: Bytecode yandizunguza mutu

FUNSO: Akulu, ndimayesa ma smart contract (timapulogalamu toyenda pa blockchain) a Ethereum koma kulemba bytecode (malamulo a contract olembedwa m'manambala) pamanja kwanditopetsa, ndikangosintha pang'ono zonse zikusokonekera. Nditani?

YANKHO: Achimwene, vutoli ndalimva ndipo simuli nokha ayi. Kulemba 6002600301 nkosavuta, ndi PUSH1 2, PUSH1 3 kenako ADD basi (kuika 2, kuika 3, nkuphatikiza), koma mukafika pa JUMP, lamulo lolumphira malo ena mu code, mpamene pamavuta. EVM, yomwe imayendetsa bytecode pa Ethereum, imafuna kuti JUMP ikagwere ndendende pa JUMPDEST, byte ija ya 0x5b yosonyeza pogwera, ndiye mukangoonjezera byte imodzi kumtunda ma adiresi onse akumunsi (malo a mkati mwa code) asuntha, mwalumphira polakwika ndipo gasi yense (malipiro oyendetsera code) wapsa.

Lembani kapulogalamu kothandizira, opcode iliyonse (lamulo ngati PUSH1 kapena ADD) ikhale ndi function yake yoti izingolumikiza ma byte kumapeto. Malo olumphirapo muziwapatsa mayina, kapulogalamuko kadutse kawiri, ulendo woyamba kuwerenga malo, wachiwiri kudzaza manambala. Apa ine ndimakonda PUSH2 (yoika nambala ya ma byte awiri) nthawi zonse chifukwa contract siloledwa kupitirira ma byte 24,576, ndiye adiresi iliyonse ikwana mu ma byte awiri ndipo kukula kwa code sikusinthasintha. Pa manambala ena kazisankha kokha pakati pa PUSH1 mpaka PUSH32. PUSH0 (yoika 0) samalani nayo, inabwera ndi kusintha kwa Ethereum kotchedwa Shanghai mu 2023, EVM yakale siyidziwa.

Ngati muli pa Foundry (chida choyesera ma contract), function ya vm.etch imaika code yanu pa adiresi ya contract mwachindunji osavutika ndi init code (code yoyenda pokhazikitsa contract). Koma chonde, kapulogalamuko kayeseni kaye ndi bytecode imene mukuidziwa kale bwinobwino musanakakhulupirire.