Mashawa akuchulukirani? Sankhani kopita

Achemwali, mwafunsa kuti mutani poti mwezi uno wokha mwaitanidwa ku bridal shower, baby shower ndi kitchen top-up, pomwe malipiro ndi omwe aja. Ine ndikuti sankhani, simungapezeke ponseponse.

Chopweteka kwenikweni si mphatso ayi, koma zotsagana nayo. Amakuponyani pagulu la WhatsApp osakufunsani, kenako mndandanda wa omwe asonkha n'kumatuluka m'mawa uliwonse, dzina lanu lili mbee! Mugule chitenje cha yunifolomu, mulipire telala, mukonzetse tsitsi, mukwere kabaza mpaka ku Area 47. Mukafika, a MC aitana anzake a kuntchito, kenako a kutchalitchi, kenako oyandikana nawo nyumba, inu muli m'magulu onsewo. N'chifukwa chake anthu amayamba aphwanyitsa K5,000 kukhala ma K200 kuti perekaniperekani asawathere panjira. Komanso chigwetsereni kwacha ndi 44% mu Novembala 2023, mitengo ya mapoto ndi mbale yangokwererakwerera.

Kwa mbale wanu, kapena mnzanu amene anadzagona nanu pamaliro, pitani ndithu. Enawo atumizireni kangachepe pa Airtel Money kapena Mpamba, muwaimbire eni akewo, osadzera pagulu. Mphatso sonkheranani anzanu anayi kapena asanu mugule seti imodzi ya mapoto. Yunifolomu mutha kuikana, valani chovala cha mtundu womwewo chimene muli nacho kale.

Koma za kukongola kubanki mkhonde kapena katapila chifukwa cha shawa, zimenezo ayi. Phwando litha 5 koloko, chiwongoladzanja chikusakani mpaka mwezi wamawa.