Matumba 60 a simenti

Achemwali, nditangowerenga zoti inu muzitumiza ndalama achimwene anu aziyang'anira ntchito yomanga nyumba yanu, mtima wangoti myuu. Ndasiya ndi nsima yomwe kuti ndikulembereni.

Ine ndili ku Joni kuno, ntchito ya m'nyumba ku Randburg. Mu 2023 ndinati nanenso ndikhale ndi pogona kwathu ku Lunzu, pamalo amene amayi anandigawira. Njerwa tinaumba pachibale, ang'ono anga kutunga madzi, ana awo kuponda dothi, uvuni n'kuwotcha mu Ogasiti. Apo sindinama, zinayenda. Mu Okutobala ndinalandira chipereganyu changa, thukuta la chaka chathunthu, ndinatumiza yonse kwa achimwene kuti agule matumba 60 a simenti ndi malata 40. Ndinachita kuwauza kuti gulani lero lomwe. Iwo amvekere usade nkhawa mlongo wanga, zonse zili m'manja. Mu Novembala kwacha aigwetsa ndi 44 peresenti, mitengo kuthawa, ine kumanyadira kwa anzanga kuti zanga ndinagula kale. Uchitsiru wake!

Disembala ndakwera basi, masiku awiri pamsewu, Beitbridge, Nyamapanda, Tete, Mwanza, miyendo itatupa. Pofika sindinalowe n'komwe m'nyumba mwa amayi, chikwama ndinangochiponya pakhonde, ulendo ku nyumba yanga. Abale inu. Makoma ali pawindo, lakumbuyo lagwa ndi mvula, pakati pa njerwa dothi lokhalokha, simenti angopaka pamwamba kuti pachithunzi zizioneka bwino. Bilida wake mnzawo wosewera naye bawo. Ndafunsa simenti ili kuti, mwana wandilozera kakhitchini kaudzu kodontha. Matumba 18 okha, awaunjika padothi, osayalako ngakhale thabwa limodzi. Ndagwira loyamba, gwaa ngati mwala. Lachiwiri chimodzimodzi. Ndinayesa kumenya ndi khasu, khasu kudumpha. Ndinakhala pathumba pomwepo nditavala nsapato zanga zatsopano, kulira ngati pamaliro, anthu a pamjigo kusiya zidebe kudzandionerera. Ndiye podzutsa mutu ndikuona golosale ya alamu tsidya la msewu, denga likuchita kuthobwa m'maso. Ndinapita kukawerenga malatawo limodzi limodzi, alamu ali phee pakauntala, ndi moni yemwe ayi.

Achimwene atulukira madzulo, manyazi alibe. Akuti tinangobwereka, iwe ndalama umachita kutola ku Joniko. Kutola! Ine ndimatsuka zimbudzi za anthu, ndimagona kachipinda kakuseri komwe mu Juni umadzuka zala zitauma, iwo akuti kutola. Ndipo ndalamayo anaisunga masabata angapo akuizunguza pa geni ya akazi awo, pokagula simenti mtengo unali utakwera kale. Chimene chinandipweteka koposa ndi amalume. Anabwera m'mawa mwake, kukhala pampando, akuti ndinu magazi amodzi, nkhaniyi isafike kwa amfumu, mutichititsa manyazi. Manyazi a ndani? Amayi kumangolira kuti mundipha ana inu. Mapeto ake wopepesa ndinali ine, ati ndinakweza mawu kwa wamkulu.

Ndiye achemwali, ndalama m'manja mwa mbale ayi, ngakhale akhale mkulu wa mpingo. Lipirani nokha ku hadiweya, lisiti akutumizireni pa WhatsApp. Simenti musaunjike, imakoka chinyontho, muzigula ya gawo limene likumangidwa, aziika pamatabwa kutali ndi khoma. Komanso mukachedwa kugula kwachayi ikupwetekani, ndiye kaya, malata ndi zitsulo gulirani pomwepo. Zithunzi musazikhulupirire, imbani vidiyo, azungulire nyumba yonse, akande pakati pa njerwa ndi msomali inu mukuona. Bilida asakhale mbale kapena mnzake wa mbale, mulembane papepala, muzimulipira akamaliza gawo, fawundeshoni payokha, pawindo, lintala, denga. Kalata ya malo kwa amfumu ikhale dzina lanu, osati la banja.

Koma abale musawataye ayi. Bilida wachilendo akaona kuti palibe wanu pamalopo, simenti imatuluka madzulo m'zidebe. Pamafunika munthu wamagazi woti aziwerenga matumba m'mawa ndi madzulo, ndipo muzimupatsako kangachepe ka sopo, asamaone ngati akugwira yaulere. Kwanga panopa akuyang'anira ndi achimwene omwewo, nanga ndiika ndani, amayi akalamba. Khoma lija anamanganso okha ndi manja awo, tafika pa lintala. Za malata 40 aja sanatchulepo mpaka lero, ndipo ndikapita kumudzi sopo ndimakagula pagolosale yomweyo.