Agogo sananame: wailesi yathu inkayankhuladi kuchokera ku Lusaka

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mlongo wina amene akugwira ntchito ku Johannesburg koma kwawo ndi ku Rumphi. Akuti atapita kumudzi pa Khirisimasi, agogo ake aamuna anamuuza kuti kale wailesi inkayankhula kuchokera ku Lusaka, komanso kuti inkaulutsa m'Chitumbuka mpaka tsiku lina chinangozimiririka. Iye anaseka, poganiza kuti ukalamba wayamba kuwasokoneza. Funso lake ndi lakuti: "Kodi zimenezi n'zoona? Nanga MBC mwini wake ndani kwenikweni? Inagulitsidwapo kwa munthu ngati mmene anachitira ndi makampani ena a boma?"

Achemwali, choyamba mukawapepese agogo. Zonse ziwiri ananena zoona.

Kuulutsa mawu kwa anthu akuda m'chigawo chathu chino kunayambira ku Lusaka mu 1941, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili pakolasinga. Boma la atsamunda la Northern Rhodesia linkafuna kuti anthu, makamaka amene abale awo anapita kunkhondo, azimva nkhani kuchokera pakamwa pa boma, osati kwa amphekesera. Nkhondo itatha, mkulu woona zofalitsa nkhani kumeneko, Harry Franklin, analimbikira kuti siteshoniyo ikule, izitumikira anthu akuda a maiko atatu: Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland. Inatchedwa Central African Broadcasting Station. Azungu anali ndi yawoyawo ku Salisbury (lero Harare). Ya ku Lusakayi inkagawa nthawi m'zinenero zingapo, Chibemba, Chinyanja, Chitonga, Chilozi, Chishona ndi Chindebele, ndiye munthu wa ku Dedza kapena ku Thyolo ankadikira nthawi ya Chinyanja ngati mmene timadikirira basi.

Koma kuulutsa n'kwina, kumvera n'kwina. Mawailesi a nthawi imeneyo anali odula ndipo ambiri ankafuna magetsi. Franklin anazungulira makampani ku Britain kufuna woti apange kawailesi kotchipa koyendera batire, mpaka kampani ya Ever Ready inavomera. Mu 1949 kanatuluka kawailesi kozungulira ngati sefuliya, kopakidwa utoto wabuluu, kogulitsidwa pa mapaundi 5, batire kugula padera. Anakatcha Saucepan Special chifukwa cha maonekedwe akewo. Batire lake linali chimphona, moti kawailesiko kankachita kukhala pamwamba pake. Amene anabwera nako kumudzi anali aphunzitsi, makalaliki ndi anthu ochokera ku migodi, ndipo madzulo mudzi wonse unkasonkhana pakhonde pawo.

Muulutsi amene dzina lake linamveka kwambiri ku Lusaka anali Alick Nkhata, yemwe analinso woyimba. Koma kutchuka kuja kunali ndi minga yake. Pamene nkhani ya chitaganya, chophatikiza maiko atatu aja pansi pa boma limodzi, inatentha cha m'ma 1953, aulutsi akuda a siteshoniyi ankawerenga nkhani zoyamikira chinthu chimene anthu awo ankadana nacho, ndipo mphekesera inafala kuti iwo ndi banyama, amene kwathu kuno timati anamapopa. Taonani, anthu sanachedwe kuzindikira kuti mawu ndi a m'bale wawo koma mpeni uli ndi wina. Ndikuitchula nkhani imeneyi chifukwa imabwereranso mobwerezabwereza m'mbiri ya wailesiyi, amangosintha ndi mayina.

Mu 1958 boma la chitaganya linatenga mawailesi onse n'kuwaika pansi pa Federal Broadcasting Corporation, likulu lake ku Salisbury. Ameneyo anali mwini wachiwiri. Sanakhalitse, poti chitaganya chinatha pa 31 Disembala 1963, dziko lililonse n'kutenga gawo lake. Mu 1964, chaka cha ufulu, kunabadwa Malawi Broadcasting Corporation, yomwe nyumba yake tonse timaidziwa pa Chichiri mu Blantyre.

Tsopano za Chitumbuka. M'zaka zoyambirira MBC inkaulutsa m'Chingerezi, m'Chinyanja ndi m'Chitumbuka. Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress unagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa, chikhale chinenero cha dziko, ndipo kuti pamodzi ndi Chingerezi zikhale zokhazo zogwiritsa ntchito pa wailesi ndi m'manyuzipepala. Chitumbuka chinachotsedwa. Agogo anu akamati chinangozimiririka, ndi mmene zinamvekeradi kwa munthu wokhala pakhonde ku Rumphi: palibe anamufunsa. Ine ndikulemba m'Chichewa, ndipo ndimachikonda, koma sindingabise kuti kufala kwake kuli ndi mbali imene anzathu a kumpoto anailipira. Anadikira zaka 26.

Zaka za Kamuzu MBC inali yokhayokha. Kanema kunalibe, siteshoni ina kunalibe, moti mawu oti "wailesi yanena" ankatanthauza chinthu chimodzi basi. M'mamawa inkatsegula ndi kulira kwa tambala, ndipo sizinali zongochitika kuti tambala yemweyo ndiye chizindikiro cha chipani. Nkhani zinkayamba ndi Ngwazi, kaya akuyendera mbewu m'minda kaya walandira mlendo ku Sanjika, ndipo nyimbo za mbumba zinkadzaza mpata wotsalawo.

Komabe kungati tiimire pamenepo, tikhala taibera mbiri. Siteshoni yomweyo ndi imene inatipatsa Kapalepale wa Smart Likhaya Mbewe, Pamajiga, Zokonda Amayi, Tadzuka Sitidziwa Anzathu ndi Nkhani za M'maboma, zija zoti munthu umamvera uku ukupukusa mutu kuti kodi zimenezi zachitikadi ku Mchinji. Inali ndi gulu lakelake loyimba, MBC Band, ndipo antchito ake ankayenda m'maboma kujambula magule ndi oyimba a zeze, kaligo ndi banjo amene pakadapanda iwo bwenzi titawaiwala. Nanga mauthenga amaliro? Foni zam'manja kusanabwere, munthu wa ku Nsanje wogwira ntchito ku Mzuzu ankamva za imfa ya amayi ake pa wailesi. Nthawi ya mauthenga ikakwana, m'nyumba munkati zii. Anthu ankaidandaula MBC pa nkhani za ndale, mwakachetechete ndithu, koma sankaitseka, chifukwa moyo wawo unkadutsa momwemo.

Mu 1992, mabishopu a Katolika atatulutsa kalata yawo ija yodzudzula boma mu Malichi, ambiri anayamba kupotokola wailesi usiku kufuna BBC ndi Channel Africa ya ku Johannesburg komwe muliko, yomwe inali ndi gawo la Chinyanja. Kenako referendamu ya 14 Juni 1993, zisankho za 17 Meyi 1994, ndipo Kamuzu anavomera kugonja kudzera pa MBC yomweyo imene inamutamanda zaka 30. Chaka chomwecho boma la Bakili Muluzi linabwezeretsa Chitumbuka. Mu 1996 kunabwera nkhani m'Chiyao, m'Chilomwe ndi m'Chisena, pambuyo pake Chitonga ndi Kyangonde.

Kusintha kwina kwakukulu kunadza mu 1997 ndi Radio 2 FM, ya nyimbo, achinyamata ndi otsatsa malonda, yakale ija n'kukhala Radio 1. Mu 1998 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la zofalitsa mauthenga lomwe linabala MACRA, bungwe loyang'anira zofalitsa mauthenga, ndi kutsegula khomo kwa ena. Power 101 inayamba chaka chomwecho, Capital FM ya Alaudin Osman mu 1999, Zodiak ya Gospel Kazako mu 2005. Kazako anachokera ku MBC komweko, ndipo anachita chimene ambiri sankachiganizira: wailesi yoyima payokha koma yoyankhula Chichewa kwa munthu wa kumudzi, amene MBC inkamuyesa wake mpaka kalekale. Kwa ine apa ndi pamene Chichiri inagwedezeka kwenikweni, kuposa pa lamulo lililonse.

Ndiye funso lanu lomaliza. Ayi, MBC sinagulitsidwepo. David Whitehead inagulitsidwa, Malawi Savings Bank inagulitsidwa, koma iyi palibe boma limene linayerekeza. Pa pepala ndi bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo, loyenera kutumikira Amalawi onse, loyendera ndalama za misonkho ndi za otsatsa malonda. Koma amene amasankha akuluakulu a bodi ndi mtsogoleri wa dziko, ndipo nkhani yagona pamenepo. Chipani chilichonse chikakhala kotsutsa chimalonjeza kuimasula wailesiyi, chikalowa m'boma chimapeza kuti chingwecho n'chokoma kuchigwira. Nthawi ya UDF otsutsa ankalira. Nthawi ya Bingu wa Mutharika kunabwera Makiyolobasi, pulogalamu yonyoza otsutsa, ndipo ankanyozedwa kwambiri ndi Muluzi yemwe dzulo lake wailesiyo inkamuimbira. Aphungu otsutsa, omwe anali ochuluka m'Nyumba, anabwezera mu 2007 popatsa MBC ndi Television Malawi K1 aliyense mu bajeti. Kwacha imodzi. Siteshoni sinatseke, ndipo Makiyolobasi sanaleke. Television Malawi imeneyi, yomwe inayamba mu 1999, inadzaphatikizidwa ndi MBC nthawi ya Bingu yomweyo, n'chifukwa chake lero timati MBC TV.

Choncho mukawerenga eni ake pa zala, ndi atsamunda a ku Lusaka, achitaganya a ku Salisbury, kenako boma la Malawi, lomwe nkhope yake imasintha ndi zisankho.

Mukapitanso ku Rumphi muwafunse agogo ngati wailesi imene ankamverayo inali yozungulira, yabuluu. Ngati ikadali kunsi kwa bedi kapena mu sutikesi yamalata, chonde musalole ana aiphwasule, munditumizire chithunzi. Musavutike kuifunira batire kuti mumvere Radio 2. Kawailesi kameneko FM sikaidziwa.