Mwana akachotsedwa ma tonsils, musathamangire kubwerera kumudzi

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene mwana wake wa zaka 6 wapatsidwa tsiku la opaleshoni yochotsa ma tonsils. Mwanayo amadwala zilonda zapakhosi pafupipafupi, usiku amaliza mkonono ngati munthu wamkulu, nthawi zina mpweya umachita kuima kenako n'kudzidzimuka. Mayiwa afunsa zinthu ziwiri: avomere kodi, poti agogo a mwanayo akuti akachotsedwa ziwalo adzakhala wodwaladwala? Nanga akatuluka m'chipatala angabwerere kumudzi mawa lake, poti kwawo ndi kutali ndipo kumunda kukudikira?

Mayi, zikomo pondikhulupirira. Ndiyambe ndi nkhawa ya agogo, chifukwa si yopanda pake. Ma tonsils ndi tinyama tiwiri ta kummero timene timathandiza kulimbana ndi tizilombo, koma sitigwira ntchitoyi tokha. Thupi lili ndi asilikali ena ambiri, ndipo mwana wochotsedwa ma tonsils chitetezo chake chimapitirira kugwira ntchito. Madokotala nawonso sachotsa mwachisawawa. Muyezo umene ambiri amatsatira ndi wakuti mwana akhale atadwala zilonda zapakhosi ka 7 m'chaka chimodzi, kapena ka 5 pa chaka kwa zaka ziwiri, kapena katatu pa chaka kwa zaka zitatu. Chifukwa china, chimene kwa ine ndi chachikulu pa mwana wanuyu, ndi kubanika kutulo. Mwana amene mpweya umamuima usiku sagona tulo tabwino, m'kalasi amangosinza kapena kuvuta, ena amakodza pogona, ena sakula bwino. Kawirikawiri zikatero amachotsanso ma adenoids, kanyama kena kobisika kuseri kwa mphuno. Ine ndikanakhala inu ndikanavomera. Ngati n'kotheka, pitani ndi agogowo kuti akamve okha kwa dokotala, chifukwa munthu amene wamva ndi makutu ake amasanduka mthandizi wako.

Opaleshoni yeniyeniyo ndi yaifupi, nthawi zambiri siifika ola. Mwana amamugonetsa ndi mankhwala, ndipo zonse amachitira m'kamwa, kunja kwa khosi sikukhala bala. Akakuuzani kuti asadye kwa maola 6 asanalowe ku fiyeta (chipinda chochitira opaleshoni), mverani ndithu. Ndikudziwa mmene mtima wa kholo umapwetekera mwana akamalira njala m'mawa, koma kaphala kopatsa mobisa kangabwerere kummero ali m'tulo n'kulowa m'mapapo. Za madzi akumwa akuuzani okha nthawi yolekezera. Auzeni ngati mwana ali ndi matenda a magazi otchedwa sickle cell, ngati amachepa magazi, ngati kubanja kwanu kuli anthu amene magazi amavuta kuleka akadzicheka, komanso ngati wadwala malungo kapena chifuwa masiku omwewo. Pa msinkhu wa zaka 6 mano amakhala akugwedera, choncho asonyezeni dzino lililonse logwedera, poti zipangizo zimadutsa m'kamwa momwemo. Buku lake la kuchipatala lisatsale.

Tsopano funso lanu lachiwiri, limene landichititsa kulemba zonsezi. Ayi mayi, musabwerere kumudzi mawa lake ngati kwanu kuli kutali ndi chipatala chimene chili ndi fiyeta.

Pamene achotsa ma tonsils pamatsala mabala awiri osasokedwa. Mabalawa amachita nkhanambo yoyera kapena yotuwa, m'kamwa mumanunkha, ndipo makolo ambiri amaganiza kuti ndi mafinya, pamene ndi mmene bala la kummero limapolera. Pakati pa tsiku la 5 ndi la 10 nkhanambo ija imayamba kusupuka, ndipo apa ndi pamene ana ena amatuluka magazi. Ndi ochepa amene zimawachitikira, koma zikachitika sizisankha nthawi. Taganizani kuti ndi 1 koloko usiku, mvula ikugwa, wakabaza wazimitsa foni, mtsinje wadzaza.

Mwana wa mchemwali wanga anachitidwa opaleshoni yomweyi, ndipo anakhala kwathu chifukwa ife tili pafupi ndi chipatala. Masiku oyambirira zonse zinali bwino moti mayi ake anayamba kulongedza katundu. Usiku wa tsiku la 7 ndinamva mwanayo akungomeza, kumeza, kumeza, ali m'tulo. Nditayatsa tochi ya pa foni ndinaona kadontho kofiira pa pilo, kakang'ono ngati ndalama yachitsulo. Tinamunyamula usiku womwewo. Magazi analeka, anamugoneka kuti amuone, ndipo anatuluka ali bwino. Namwino anatiuza kuti ana amameza magazi m'malo molavula, n'chifukwa chake kumeza pafupipafupi ndi chizindikiro. Magazi ofiira m'kamwa kapena m'mphuno, ngakhale ochepa, kapena kusanza zakuda ngati khofi, musadikire kuti kuche.

Choncho pezani wachibale, mnzanu wa kumpingo, aliyense amene ali pafupi ndi chipatala, mukhale kumeneko masabata awiri. Sungani nambala ya munthu wa galimoto amene angadzuke usiku, ndipo ndalama ya mafuta ikhale payokha, isakhudzidwe. Mukhale akuluakulu awiri osinthana, poti gadiyani mmodzi amatopa. Kumunda pemphani abale akugwirireni. Kusukulu kauzeni aphunzitsi kuti mwana sabwera masabata awiri, ndipo mpira, njinga ndi kukwera mitengo ziyambe zaima.

Ululu nawo umanyenga. Umatha kukula pakadutsa masiku angapo m'malo mochepa, ndipo mwana amadandaula makutu ngakhale makutuwo alibe vuto, chifukwa mtsempha wa kummero ndi wa kukhutu ndi wolumikizana. M'patseni mankhwala opha ululu pa nthawi yake monga alembera, osadikira kuti ayambe walira. Kawirikawiri amapereka Panado, ena amawonjezera Brufen. Aspirin ayi, amachititsa magazi kuvuta kuleka ndiponso si woyenera ana. Codeine nayenso ndi woletsedwa kwa ana ochitidwa opaleshoni imeneyi, popeza amatha kufooketsa kapumidwe. Mankhwala a pa golosale amene simukudziwa zimene zili mkati mwake, asiyeni.

Mukam'patsa mankhwala, dikirani mphindi 30 kenako m'patseni chakudya. Ambiri amaganiza kuti kummero kukufunika kupuma, koma kumeza ndi kumene kumathandiza kuti mabala akhale oyera. Phala lozizirirapo, nthochi, mazira, mbatata yophika, nsima yofewa ndi ndiwo za msuzi, zonsezi adye. Za tsabola, zotentha kwambiri ndi zowawasa ngati malalanje zimalasa pa bala. Madzi amwe pang'onopang'ono tsiku lonse. Mukaona kuti akukana kumwa, mkodzo wachepa, kapena thupi latentha kwambiri, bwererani naye kuchipatala, ndipo akamuyezenso malungo.

Musanatuluke mu wodi, funsani namwino kuti magazi akayamba usiku mulowere khomo liti ndipo mukafunse ndani. Yankho lakelo mulilembe pachikuto cha buku la mwana, pamodzi ndi tsiku limene anachitidwa opaleshoni, kuti aliyense amene angathamange naye asavutike kufotokoza.