Kodi kachipangizo kouziramo mpweya kamanena zoona?

FUNSO: A Mlangizi, ndinasiya nsima, buledi ndi shuga kuti ndichepetse thupi. Mwana wanga wa ku Johannesburg ananditumizira kachipangizo kouziramo mpweya, akuti kamaonetsa ngati thupi likuotcha mafuta. M'mawa kamalemba 4, madzulo 11. Kodi kakundinamiza? Nanga bambo a kunyumba, amene amabaya insulin, angamakagwiritsenso ntchito?
Mayi wa ku Zomba

YANKHO: Mayi, sikakukunamizani. Mukachepetsa kwambiri zakudya zokhutitsa monga nsima, mpunga ndi mbatata, chiwindi chimayamba kuphwanya mafuta n'kupanga ma ketone, zinthu zimene thupi limapezamo mphamvu m'malo mwa shuga. Mwa iwo, acetone ndi amene amatuluka kudzera m'mapapo, n'chifukwa chake ena amamva m'kamwa mwanu kafungo konga ka mankhwala ofufutira cutex. Kachipangizoko kamayeza acetone ameneyu, ndipo muyeso wake ndi ppm, kutanthauza magawo a acetone pa magawo miliyoni imodzi a mpweya. Munthu wodya nsima tsiku lililonse kawirikawiri sapitirira 2, choncho 4 ndi 11 zonse zikusonyeza kuti mafuta akupsa.

Nambala imakwera n'kutsika malinga ndi zimene mwadya, ntchito imene mwagwira, ngakhalenso mmene mwauzirira. Muziyeza m'mawa musanadye ndiponso musanatsuke mano, n'kuuzira mpaka mpweya uthere, chifukwa wam'mapeto ndi umene uli ndi acetone wambiri. Mowa ndi mankhwala ochukuchira m'kamwa zimasokoneza kachipangizoka. Ine ndimaona mmene sabata yonse yayendera, nambala ya tsiku limodzi siindivutitsa.

Koma za bambowo ndikukaniratu. Kwa munthu wobaya insulin, ma ketone akachuluka magazi amachita asidi, ndipo vutoli, limene madokotala amati ketoacidosis, limapha likachedwetsedwa. Moyo wawo musausiye m'manja mwa kachipangizo kopangira ochepetsa thupi. Iwo afunika kuyeza magazi a pachala ndi makina amene amaonetsa ketone wina wotchedwa BHB: akapitirira 1.5 mmol/L (muyeso wa pamakinawo) alankhule ndi achipatala msanga, akafika 3.0 athamangire kuchipatala. Ngati makina oterewa palibe, timapepala toviika mumkodzo timathandizako. Akamasanza, kumva m'mimba kupweteka, ludzu losatha, ndi kupuma mozama mofulumira, musadikire kuyeza chilichonse, nyamukani.

Ndikupempheninso chinthu chimodzi, mayi. Poona inu mukuchepa, bambowo asatengeke n'kusiya nsima paokha. Mlingo wa insulin anawapatsa potengera mmene amadyera, ndipo akasiya kudya koma jakisoni ali yemweyo, shuga angatsike mpaka kukomoka. Akafunse kaye kukiliniki kumene amakalandira mankhwala.