Mwini masheya amatchedwa chiyani m'Chihindi?

Mmodzi mwa owerenga athu, mtsikana amene akuphunzira zowerengera ndalama mumzinda wa Pune ku India, wanditumizira imelo kufunsa tanthauzo la mawu a Chingerezi akuti shareholder ndi mmene amawanenera m'Chihindi. Akuti m'nyuzipepala zimene akuyesera kuwerenga akumakumana ndi mawu atatu ofananirako, sheyardharak, anshdharak ndi hitdharak, ndipo akufuna kudziwa ngati onsewo akunena munthu mmodzi.

Achemwali, shareholder ndi munthu kapena bungwe limene lili ndi gawo la umwini wa kampani, amene kwathu timati mwini masheya. Ku America amakonda kunena kuti stockholder, koma munthu wake ndi yemweyo. M'Chihindi cha m'nyuzipepala ndi pawailesi mudzamva kawirikawiri शेयरधारक, amene amatchulidwa kuti sheyardharak, ndipo dharak ndi munthu amene ali ndi chinthu m'manja mwake. M'mabuku ena ndi m'zikalata zolembedwa m'Chihindi chozama mudzapeza anshdharak kapena anshdhari, kuchokera ku ansh, kutanthauza gawo. Mawu amenewa mungawasinthanitse ndi sheyardharak popanda kulakwa.

Mawu achitatu aja, hitdharak, ndi amene muyenera kusamala nawo, chifukwa amanena aliyense amene zochita za kampani zimamukhudza. Wogwira ntchito pafakitale yoluka nsalu, mlimi amene amagulitsa thonje lake pafakitalepo ndi banki imene inabwereketsa ndalama zogulira makina, onsewa ndi hitdharak, koma sangavote pamsonkhano waukulu wapachaka ngati alibe sheya. Mwini masheya ndiye amene amavota posankha mamembala a bodi yoyendetsa kampani, ndipo ndiye amene amalandira labhansh, gawo la phindu limene kampani yavomereza kugawa. Kampani ikagwa, ngongole zake sizimutsatira kunyumba. Iye amataya ndalama zokhazo zimene anaika m'masheyawo. Komabe pogawa katundu wotsala amakhala womalizira pamzere, okongoza ndi antchito atalandira kale zawo, ndipo nthawi zambiri sipatsala kanthu. Ine ndimaona kuti mfundo imeneyi iyenera kuuzidwa munthu aliyense asanagule sheya yake yoyamba, pakuti ambiri amangouzidwa za phindu lokha.

Ku India mawuwa ali ndi mbiri yaitali, popeza msika wa masheya wa Bombay Stock Exchange unakhazikitsidwa mu 1875 ndipo ndi umodzi mwa misika yakale kwambiri ku Asia. Ngakhale zinali choncho, kwa zaka zambiri masheya anali a amalonda olemera a m'mizinda ikuluikulu. Zinthu zinayamba kusintha kwambiri mu 1977, pamene Dhirubhai Ambani anagulitsa masheya a kampani yake ya Reliance kwa anthu wamba, ndipo anthu pafupifupi 58,000 anagula, ambiri mwa iwo anthu amene anali asanagulepo sheya chibadwire. M'zaka za m'ma 1980 eni masheya a kampaniyi anachuluka moti misonkhano yake yapachaka inkachitikira m'mabwalo amasewera ku Bombay, mzinda umene lero umatchedwa Mumbai, anthu zikwizikwi atakhala pansi pa matenti kudikira kumva phindu la chaka chimenecho.

Malamulo anabwera pambuyo pake kudzateteza anthu oterewa. Bungwe la SEBI, limene limayang'anira misika ya masheya, linapatsidwa mphamvu za lamulo mu 1992, ndipo lamulo la makampani la 2013, pa ndime 151, limalola eni masheya ang'onoang'ono a kampani imene ili pamsika, amene masheya awo saposa marupi 20,000 pa mtengo wolembedwa, kusankha membala mmodzi wa bodi. Popeza mukuphunzira ntchito imeneyi, ndimeyi muiwerenge nokha.

Dziwaninso kuti masiku ano masheya ogulidwa pamsika ku India sabwera ngati satifiketi yapepala monga kale. Kuyambira pamene bungwe losunga masheya la NSDL linakhazikitsidwa mu 1996, kenako linzake la CDSL mu 1999, masheya amasungidwa pakompyuta mu akaunti yotchedwa demat. Amene dzina lake lili pa akauntiyo pa tsiku limene kampani yaika lowerengera eni ake ndiye sheyardharak woyenera kulandira labhansh, ngakhale atagulitsa masheyawo mawa lake.